Tinali ku Beira mu 1980, nanga lero tili kuti?

Aliyense wonena kuti badminton ndi masewero a azungu ndi amwenye olemera, osayenera ndalama za boma, ayambe wawerenga mbiri. Mu 1977, mumzinda wa Dar es Salaam, mayiko asanu ndi awiri anakhazikitsa bungwe loyendetsa masewerowa mu Africa, lomwe lero limatchedwa Badminton Confederation of Africa. Mayikowo anali Ghana, Kenya, Mauritius, Mozambique, Nigeria, Tanzania ndi Zambia. Mpikisano woyamba wa Africa yense unachitikira ku Kumasi, ku Ghana, mu 1979. Wachiwiri unachitikira ku Beira mu 1980.

Taganizani za Beira ya chaka chimenecho. Mozambique inali itangotha zaka zisanu ikudzilamulira, ndipo nkhondo yapachiweniweni inali itayamba kale. Komabe anthu anamanga ukonde, nalandira alendo ochokera m'mayiko ena. Mu 1984 mpikisanowu unapita ku Dar es Salaam. Nthawi imeneyo South Africa inali yosalidwa m'masewero chifukwa cha tsankho la apartheid, ndipo badminton inali isanalowe mu Olympics, pakuti inalowa mu 1992 ku Barcelona. Amene anayala maziko sankathamangira mendulo ya Olympics kapena ndalama za pa wailesi yakanema. Ankaona kuti dziko lomasuka liyenera kupatsa ana ake masewero osiyanasiyana.

Onani tsopano kumene mpikisanowu wakhala ukuchitikira m'zaka zaposachedwa: Rose Hill ku Mauritius, Algiers, Cairo, Kampala, Benoni ku South Africa. Mayina ake ndi omwewo obwerezabwereza. Mauritius, chilumba cha anthu osafika 1.5 miliyoni, yalandira mpikisanowu kangapo ndipo inatulutsa Kate Foo Kune, amene wakhala katswiri wa Africa maulendo angapo. Nigeria ili ndi Anuoluwapo Opeyori. Ife a chigawo chimene bungweli linabadwira, ambiri sitidziwa n'komwe kuti mpikisano wotere ulipo. Mlandu umenewu ndi wa maunduna a zamasewero ndi atolankhani, amene kwa iwo mawu oti masewero amatanthauza mpira wamiyendo basi.

Zifukwa zawo timazidziwa. Choyamba, amati masewerowa ndi achilendo. Inde, anakulira pakati pa asilikali a ku Britain ku Poona, ku India. Nanga mpira wamiyendo unabwera ndi ndani? Kodi makolo athu ankasewera mapenate? Chachiwiri, amati ndi odula. Apa pali choonadi pang'ono: kampira kake kamapangidwa ndi nthenga 16 za tsekwe kapena bakha, sikachedwa kuthothoka, timaitanitsa kunja, ndipo mphepo ikangowomba kamasochera, choncho pamafunika holo. Koma bwalo lake ndi mamita 13.4 m'litali ndi 6.1 m'lifupi. Limakwana m'maholo ambiri a sukulu ndi a tchalitchi, ndipo timipira ta pulasitiki tophunzirira tilipo.

Ndalama zomangira mabwalo akuluakulu zinapezeka. Bingu National Stadium ku Lilongwe, Levy Mwanawasa ku Ndola ndi Zimpeto ku Maputo, onse anamangidwa ndi thandizo la China, dziko lomwe lili m'gulu la akatswiri a badminton padziko lonse. Ndani anamvapo nduna ikudzitama kuti yabwerako ku Beijing ndi mphunzitsi wa badminton wa ana a sukulu?

Mpaka lero palibe munthu wa mu Africa amene anapatako mendulo ya badminton ku Olympics. Koma mu 2024, ku Paralympics ya ku Paris, Mariam Eniola Bolaji wa ku Nigeria anapata mendulo ya bronze, yoyamba ya Africa m'masewerowa pa mlingo umenewo. Mtsikana wolumala, wosewera masewero amene akuluakulu amawanyoza, ndiye anatsegula khomo.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Maholo tili nawo, amangodikira misonkhano ndi maukwati. Unduna uliwonse wa zamasewero m'chigawo chino uike ukonde m'maholo a sukulu za sekondale, uphunzitse aphunzitsi, ndipo nyuzi zathu zilembe zotsatira za mpikisanowu m'zinenero zathu. Mozambique inakwanitsa kuchereza Africa ili pankhondo. Ife amene tili pamtendere tiwiringula chiyani?