Likulu la Kalonga lidasanduka bwinja kwathu kunyanja



Mwezi wa Ogasiti ndidali kwa Guilleme m'boma la Mchinji, kukaona alamu anga amene amagulitsa usipa kumeneko. Sabata yomaliza ya mweziwo msewu wopita kuchipata cha Mwami udadzaza malole ndi maminibasi. Anthu ankapita ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ndidafunsa mnyamata wina wothandiza alamu angawo kuti kodi a Kalonga kwawo kwenikweni nkuti. Iye adati, "Ku Mkaika komweko, amwalimu." Sindidamudzudzule, chifukwa nafenso akunyanja likulu lakale la a Kalonga timangolidutsa pabasi osadziwa.

Dzina lake ndi Mankhamba. Lili pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipulu. Mukafikapo lero simuona linga kapena chipupa. Komatu m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 pamenepa padali pamtima pa ufumu wa Amaravi. Katswiri wofukula zakale, Dr Yusuf Juwayeyi, adakumba pamalopo ndipo adalemba buku la zimene adapeza mu 2020. Pansi pa nthaka padatuluka mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, zidutswa za mbale za ku China, mphete zamkuwa, makoza a minyanga ya njovu, ndi mapale osawerengeka. Taganizani, mbale youmbidwa ku China kudzasweka pa Mtakataka, kulibe galimoto, kulibe njanji! Idafika pamutu pa anthu, yosinthanitsa ndi minyanga.

Nanga mzinda wotero udatha bwanji? Choyamba banja lidagawanika. Undi, mbale wake wa Kalonga, adachoka atakangana pa za ufumu, nakamanga likulu lake ku Maano, cha kumtsinje wa Kapoche, dera limene lero lili ku Tete m'dziko la Mozambique. Kenako malonda a minyanga adayamba kudutsa m'manja mwa ena, ndipo mafumu ang'onoang'ono adaleka kutumiza mitulo. Apa tisabisane: makolo a ambiri a ife adalimo m'nkhaniyi. Kalonga womaliza wa kunyanja, Sosola, adafa m'zaka za m'ma 1860 polimbana ndi mafumu achiyao amene ankalowa m'deralo ali ndi mfuti. Ena sakonda kuti izi zizinenedwa pagulu, koma ana athu akazimva kwa ena adzati tidawanamiza.

Maano nawo sadakhalitse. Apwitikizi ofuna golide, Achikunda, kenako Angoni adaufooketsa, ndipo m'zaka za m'ma 1930 Undi adasamukira ku Northern Rhodesia, imene ndi Zambia lero. Nchifukwa chake malole aja amalowera ku Katete.

Tsono tiyerekeze ndi kumene minyanga yambiri inkathera. Alendo achiyao ankayenda miyezi kupita ku Kilwa, kugombe la Tanzania. Kilwa wakale, wa pachilumba, adachezeredwa ndi Ibn Battuta mu 1331, ndipo adamuyamikira kuti ndi mzinda wokongola kwambiri. Apwitikizi adaulanda mu 1505. Udadzukanso, koma pofika zaka za m'ma 1800 amalonda adasamukira ku Kilwa Kivinje kumtunda, ndipo pachilumba padatsala asodzi. Matenda ake ndi omwe aja a Mankhamba: njira ya malonda ikapatuka, anthu amaitsata. Kusiyana kwake nkwakuti a ku Kilwa ankamanga ndi miyala ya m'nyanja ndi laimu. Mzikiti wawo waukulu ukadalipo ndi zipilala zake, ndipo mu 1981 bungwe la UNESCO lidaika malowo m'kaundula wa malo otetezedwa a dziko lonse.

Makolo a kuno ankamanga ndi mitengo, dothi ndi udzu. Nyumba yotero ikasiyidwa, chiswe ndi mvula zimaimaliza m'dzinja zowerengeka. Ndiye munthu amaona chithunzi cha Kilwa kapena cha Great Zimbabwe nkunena kuti kwathu kuno kudalibe mizinda. Ine ndikukana. Mzinda ndi anthu, msika, bwalo la milandu ndi alendo ochokera kutali, ndipo zonsezi pa Mankhamba zidalipo. Kungoti umboni wake ndi wosachedwa kuonongeka: phulusa, mafupa, mkanda umodzi wobiriwira m'dothi. Khasu la woumba njerwa lingaufafanize tsiku limodzi.

Choncho inu amayi ndi abambo olima m'mabwinja a kunyanja, mukatukula mapale ambiri pamalo amodzi, kapena mikanda yachilendo, musapatse ana kuti aziseweretsa. Asiyeni pomwepo, muuze amfumu, uthenga ukafike ku nthambi ya boma yosunga zakale ku Lilongwe.

Mnyamata wa kwa Guilleme uja nditamufotokozera zonsezi, adakhala chete pang'ono, kenako adafunsa kuti basi yochokera ku Lilongwe kukafika pa Mtakataka ndi ndalama zingati.