Khoma Limodzi, Mabanja Awiri

Pulogalamu yotsatira isanayambe, ndilankhuleko nanu amene mukumanga midadada ya lendi ku Area 25 kapena ku Ndirande. Musanakumbe maziko, khalani pansi ndi mmisiri muone kuti chipinda chilichonse chikhala pati. Ine ndinachitapo lendi nyumba ina imene chipinda changa chogona chinagundana ndi pabalaza pa aneba. Kanema wawo ankamveka ngati ali kumutu kwa bedi langa, moti zigoli za mpira ndinkazidziwira m'bulangete! Chogona chizigundana ndi chogona chinzake. Makhitchini ndi mabafa a nyumba ziwiri atsamire khoma limodzi, mapaipi afupike, ndalama zitsale m'thumba. Komanso chonde, zenera la kuchipinda lisayang'anizane ndi chitseko cha chimbudzi cha onse.