Kafukufuku wa Nkhawa Ayambire pa Zalewa

Pa Zalewa, pomwe msewu wa ku Mwanza umapatukira, funsani madalaivala a mathiraki kapena amayi a geni. Ena adzakuuzani kuti akuganiza kwambiri, tulo tathawa, BP yakwera.

Inu achinyamata amene mwangoyamba kafukufuku ku KUHeS kapena ku UNIMA, musamangike ku nthambi imodzi. Nkhawa imalowa m'magazi, komanso imachokera m'thumba ndi m'banja. Dokotala afunika mnzake wa zachuma ndi wodziwa chikhalidwe.

Kuno ku Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo likugwira ntchito ndi boma kuyambira 2007, ndipo odwala HIV, BP, shuga ndi matenda a maganizo amathandizidwa pa kiliniki imodzi. Pezani wokuongolerani, phunzirani masamu, koma choyamba dzakhaleni pa benchi la chipatala mumve odwala akufotokoza okha.