Galimoto yakale igulitsidwe ndi zake zomwe

Mwezi wathawu ndinapita kukaona Peugeot 504 imene mkulu wina ankagulitsa ku Lilongwe. Pa foni anati ili ngati yatsopano, ndipo kunja kwake sananame: penti anali waliwali, wothobwa m'maso. Nditatsegula boneti ndinangoti kakasi. Injini inali ya Toyota. Zitseko anaziboola n'kulowetsamo masipika, mipando inali ya galimoto ina ya ku Japan, matayala ali pa marimu otambalala okhula bodi pokhota. Cha Peugeot chimene chinatsala ndi mkango wa kutsogolo uja basi. Mwiniwake, nkhope ili ngwee, anati, "Achimwene, zakale zonse ndinataya, ndalowetsapo ndalama zambiri." Mtengo anaukweza chifukwa cha ndalamazo.

Ndinabwerako osagula, mtima ukuwawa. Mkuluyo anapha galimoto yabwino, ndipo ankafuna kuti ine ndilipire maliro ake.

Ndinene mosapsatira: ndalama zimene munthu waononga posintha galimoto yakale siziwonjezera mtengo wake, nthawi zambiri zimautsitsa. Wofuna galimoto yosamwa mafuta, yozizira m'kati, yolira nyimbo, apite akagule Vitz kapena Sienta, zadzaza m'misewu. Wofuna 504 akufuna chinthu chimene fakitale sidzapanganso. Galimoto imeneyi inatuluka mu 1968, mu 1969 inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ku Ulaya, ndipo mu 1975 Ove Andersson anapambana nayo mpikisano wa Safari Rally ku Kenya. Ku France itatha nthawi yake, ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuipanga mpaka m'zaka za m'ma 2000. Chinaikondetsa kuno si maonekedwe ayi. Inali yotalikira pansi, masipuling'i ake ankameza mabampu a msewu wafumbi, ndipo shafiti yopita kumbuyo inatsekeredwa m'chipaipi moti miyala ndi matope sizinkaifika. Ukaitsitsa kuti ioneke yachinyamata, n'kuiveka marimu a tauni, wachotsa chimene chinaipatsa dzina.

Ndikudziwa yankho limene ndilandire, ndalimva kambirimbiri m'magalaja: "Zimenezo n'za azungu. Kuno masipeya a Peugeot muwapeza kuti?" Funsoli silopusa. Amakaniko a ku Biwi ndi ku Ndirande asunga magalimoto ambiri amoyo ndi nzeru zawo, ndalama zakunja zoitanitsira zipangizo zikusowa. Land Rover imene anaiika injini ina ya dizilo n'kupitiriza kunyamula chimanga ndi odwala kumudzi sindingaiseke, ndimaivulira chipewa. Ku Cuba magalimoto a ku America a m'zaka za m'ma 1950 akuyendabe ndi mainjini obwereka chifukwa cha vuto lomweli. Kusintha chifukwa cha umphawi ndi kusintha chifukwa cha matama n'zosiyana, ndipo wogula wanzeru amazisiyanitsa. Malamba a mipando, mabuleki abwino, matayala atsopano a saizi yake, zimenezo n'zoteteza moyo, palibe angakudzudzuleni.

Koma ngakhale wosintha chifukwa cha vuto ali ndi ngongole ziwiri. Yoyamba, asataye chimene wachotsa. Injini yakale, ngakhale yogogoda, aisunge m'shedi, aiphimbe. Kabyuleta, chiwongolero, mawotchi a pa dashibodi, zonse aziike m'katoni. Tsiku logulitsa, katoni imeneyo idzakhala ndalama, chifukwa injini yomangidwa ndi mabawuti imamasulidwa, yakale n'kubwerera pamalo pake. Chasisi yodulidwa n'kuwotchereredwa sibwerera. Chitseko chobooledwa sichibwerera. Ngongole yachiwiri ndi chilungamo: anene zonse zimene anasintha, ndipo nambala ya injini ndi ya chasisi zigwirizane ndi zolembedwa mu blue book. Apa m'pamene ogulitsa ambiri amazembera, n'kusiya wogula akuvutika yekha ku Road Traffic posintha umwini.

Anzathu akunja amene amasunga magalimoto akale anadutsa kale m'mkangano umenewu. Bungwe lawo la dziko lonse lapansi, FIVA, limaitcha galimoto kuti ndi ya mbiri yakale ikakwana zaka 30, ndipo chikalata chake cha Turin Charter, chimene chinayamba kugwira ntchito mu 2013, chimalimbikitsa kusunga zimene galimoto inabadwa nazo, kulemba zosintha zonse, ndi kusintha m'njira yoti n'kubwezeka. Mu 2024, pa chionetsero chotchuka cha Pebble Beach ku California, mphoto yaikulu inapita kwa Bugatti Type 59 ya 1934 ya penti wake wakale, ya zipsera zake ndi zikopa zothetheka. Kanali koyamba kuti galimoto yongosungidwa, yosakonzedwanso, ipambane pa chionetserocho. Ife kuno tikadaithamangitsira kwa wopopera penti tsiku lomwelo.

Nkhani ya penti ndi imene imandipweteka kwambiri, chifukwa m'menemo ndimo mumabisala chinyengo. Penti wakale wofwifwa sanama: pamene panagundidwa pamaoneka, pamene dzimbiri layamba pamaoneka. Penti wadzulo amabisa zonse, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Bodi yachitsulo ngati ya Peugeot kapena Datsun, yendetsanipo maginito. Pamene sakugwira ndiye kuti pansi pake pali fila wokhuthala. Land Rover ya Series imapusitsa mwa njira ina. Bodi yake yambiri ndi ya aluminiyamu, sichita dzimbiri, choncho imaoneka yamphamvu pamwamba pamene chasisi yachitsulo pansi yadyeka. Wogula agone pansi ndi tochi, agogode ndi hamala, asachite manyazi ndi malaya oyera. Wogulitsa akakana zimenezi, nyamukani.

Magalimoto amenewa atsala ochepa. Ena anathera kwa ogula zitsulo zakutha, ena asanduka makola a nkhuku, ndipo otsalawo tikuwamaliza tokha ndi masipika ndi marimu. Inu amene muli ndi 504, Datsun 1200, Beetle kapena Land Rover ya malemu bambo pansi pa mtengo wa mango, ndikukupemphani: ichotseni pa dzuwa ndi pa mvula, sonkhanitsani mapepala ake onse, ngakhale malisiti akale a ku galaja. Mukafuna kugulitsa, itsukeni ndi madzi ndi sopo, muionetse momwe ilili. Musaipake penti, musaiboole, ndipo injini yake musataye.