Buku loyamba la mwana likhale m'chiyankhulo chimene amalotamo

Boma la America litatseka bungwe la USAID mu 2025, madandaulo ambiri m'dziko muno adali pa mankhwala otalikitsa moyo ndi maneti oteteza ku udzudzu, ndipo m'pomveka. Koma bungwe lomweli ndilo lidali nsanamira ya National Reading Programme, ndondomeko imene boma lidakhazikitsa mu 2016 pofuna kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 adziwe kuwerenga Chichewa ndi Chingerezi. Ndalama zake zidasindikiza mabuku ndi kusula aphunzitsi. Buku la pasukulu silikhalitsa likamadutsa m'manja mwa ana ambirimbiri, choncho funso loti mwana awerenga chiyani likubwerera pakhomo, kwa kholo.

Ngakhale pamene thandizolo lidalipo, zinthu sizidali bwino. Kafukufuku wa MICS wa 2019 mpaka 2020, amene adachita a National Statistical Office mothandizidwa ndi UNICEF, adapeza kuti mwa ana 100 alionse a zaka 7 mpaka 14, pafupifupi 19 okha ndiwo ankatha kuwerenga nkhani yaifupi n'kuimvetsa.

Kholo la m'tauni limadziona ngati lili kutali ndi vutoli poti limagulira mwana mabuku. Koma limagula otani? Kawirikawiri ndi a Chingerezi, ndipo chiyambire pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri ndi a kaunjika oyalidwa m'mbali mwa msewu ku Limbe kapena ku Lilongwe. M'menemo muli ana osewera pa chipale chofewa, zimbalangondo ndi zakudya zimene mwana wa ku Ndirande sadazilawepo. Mabukuwa si oipa. Vuto ndi loti timawasankha poyang'ana ulemu umene Chingerezi chili nawo pamaso pa anzathu, osati poyang'ana mwana wa zaka 6 amene angoyamba kumene kulumikiza malembo.

Chichewa chili ndi mwayi umene eni akefe timaupeputsa: chimalembedwa monga momwe chimatchulidwira. Malembo a liwu ndi asanu okha. Mwana akadziwa maphatikizo, amawerenga yekha ga-li-mo-to, ndipo pomaliza phatikizo lotsiriza nkhope imawala chifukwa chinthucho amachiona tsiku ndi tsiku. Amene adaphunzira ndi buku la Sosa akukumbukira chimwemwe chimenecho. Chingerezi sichitero. Mawu monga rough, though ndi through amatha ndi malembo ofanana koma katchulidwe kake n'kosiyana. Mwana amene sayankhula Chingerezi kunyumba akapatsidwa buku lotere amasenza akatundu awiri nthawi imodzi, kuzindikira malembo ndi kumva chiyankhulo chachilendo. Zotsatira zake timazidziwa: mwana wotchula mawu mokweza ndi mwaluso, koma ukamufunsa zimene zachitika m'nkhaniyo amangokuyang'ana.

Makolo ali ndi chifukwa chomveka choopera. Mayeso a MANEB amalembedwa m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa, ntchito imafunsiridwa m'Chingerezi, ndipo mu 2014 Unduna wa Maphunziro udalengeza kuti ana aziphunzitsidwa m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Komabe luso lowerenga mwana amaliphunzira kamodzi. Akalipeza m'chiyankhulo chimene amakanganiramo ndi anzake, amasamuka nalo polowa m'chiyankhulo china. Ngati chiyankhulocho ndi Chitumbuka kapena Chiyao, mfundo ndi yomweyo, kungoti mabuku ake ndi osowa koposa. Ngati pakhomo pamayankhulidwadi Chingerezi, osati chongolonjerera alendo, buku la Chingerezi silimupweteka.

Ndipo a Chingerezi omwewo alipo ofotokoza za kwathu. Galimoto, lolembedwa ndi Karen Lynn Williams mu 1990, limasimba za mnyamata wa ku Malawi wofunafuna mawaya opangira kagalimoto. Mbiri ya William Kamkwamba, The Boy Who Harnessed the Wind, ili ndi buku lake la zithunzi lolembedwera ana lomwe lidatuluka mu 2012. Mwana akaona chimanga, njinga ndi fumbi lofiira pachithunzi, theka la mawu achilendowo walimva kale.

Chovuta chenicheni ndi kuchepa kwa mabuku a Chichewa a ana aang'ono. Osindikiza mabuku amathamangira amene ali pa silabasi chifukwa ndiwo ali ndi msika wotsimikizika. Nthondo la Samuel Josia Ntara, Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe kapena Njala Bwana la Willie Zingani adalembedwera okulirapo. Pakadali pano pothawira ndi nthambi za National Library Service komanso African Storybook, nkhokwe ya pa intaneti imene ili ndi timabuku ta zithunzi taulere m'ziyankhulo za mu Africa, Chichewa chomwe. Kholo lokhala ndi foni yamakono likhoza kuchotsako pang'ono pa bandulo ya Facebook.

Pakhomo pamafunika mabuku a mitundu iwiri, ndipo makolo ambiri amaisokoneza. Pali loti mwana awerenge yekha. Limeneli liyesedwe musanalipire: mpatseni tsamba limodzi, akapunthwa pa mawu oposa asanu, nthawi yake sidakwane. Ndiye pali loti kholo limuwerengere mokweza, ndipo ili likhoza kukhala lovutirapo chifukwa khutu la mwana limakhala patsogolo pa diso lake. Apa ndipo pamene kholo limalowa m'malo mwa agogo amene ankasimba za Kalulu ndi Fisi madzulo. Agogowo sankapereka mayeso nthano ikatha, ndipo ife tisatero. Tipewenso mabuku amene tsamba lililonse ndi ulaliki wa khalidwe labwino. Ana amaununkhiza msanga n'kuyamba kuyasamula. Mwana akapempha buku lomwelo usiku wachisanu wotsatizana, musadandaule kuti ndalama yapita pachabe, chifukwa kubwereza ndiko kumakhazikitsa mawu m'mutu.

Mwanayo apatsidwenso danga losankha. Kamkwamba atasiya sukulu posowa fizi, ankapita ku kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale ya Wimbe ku Kasungu. Buku la Using Energy adalitola yekha pashelefu atakopeka ndi chithunzi cha makina a mphepo pachikuto, ngakhale Chingerezi chake panthawiyo chidali chopereŵera.