Akayamba Kuyenda, Tisamutaye

Kwathu ku Ntaja kapena ku Ulongwe, mwana akaponya phazi koyamba nyumba yonse imaomba m'manja. Agogo amalulutira, bambo amajambula pafoni. Tinamuona akukhala pansi, akukwawa, akumera mano. Chimwemwe chimenechi n'choyenera.

Chomwe chikutidetsa nkhawa n'chakuti mwana akangoyenda, ambiri timayesa ntchito yatha. Buku la kusikelo limaiwalika m'chikwama, chonsecho katemera wachiwiri wa chikuku amabayitsa pa miyezi 15, ndipo sikelo imatha mwana akakwanitsa zaka 5. Timamusiyira mlongo wake wa zaka 7 kuti amulere, n'kumangomupatsa phala lamchere lopanda nsinjiro.

Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse m'Malawi muno ndi opinimbira. Ife amene tikuphunzira uphunzitsi tidzakumana nawo mu Sitandade 1, pamene kukonza kudzakhale kovuta. Paja kuongola mtengo n'kuli waung'ono.

Tikapita kutchuthi, tisangomunyamula mwanayo n'kujambulitsa. Tifunse za sikelo, tithire nsinjiro m'phala, tizimuyankha akamalankhula zosamveka zija. Sukulu yake yayamba kale.