Kamfuti ka njiwa si ka nguluwe

Mnzanga wina wa kuno ku Ndirande wagula kamfuti kakang'ono kowombera njiwa, ndipo akuti akaphera nguluwe zomwe zikutha chinangwa cha agogo ake kumudzi. Ine ndamuletsa.

Nguluwe ili ndi chikopa chokhuthala komanso mafupa olimba. Kachipolopolo kotere sikapha msanga, kamangovulaza. Nyama yovulala imathawira m'tchire kukafa pang'onopang'ono, apo ayi imatembenukira mlenje ndi mano ake akuthwa aja. Gwape nayenso amathawa ndi bala n'kukawolera kutali.

Sindikunena kuti agule mfuti yaikulu ayi. Kusaka popanda chilolezo n'kuphwanya lamulo loteteza nyama zakutchire, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017. Komanso tayang'anani phiri lathu la Ndirande: mitengo inatha m'zaka za m'ma 1990, nyama n'kusowa pokhala. Zotsala ku Michiru tikufuna tizimalizenso?

Njala ya agogo ndi yeniyeni, sindikutsutsa. Koma mlimi wovutika ndi nguluwe akadandaule ku nthambi yoona za nyama zakutchire, poti ntchito yawo ndi imeneyi. Mnzangayo akawathandize agogo kukumba ngalande mozungulira munda ndi kulondera usiku. Kamfutiko akasiye.